Ndinagulitsa Zanga Lachitatu, Amayi Sadziwa

Anzanga, Jun-seop ndinakumana naye pa benchi ya amayi mumsika kuno ku Daegu. Anabwera kudzagula kimchi, kabichi wowawasa amene amayi amagulitsa, Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu... mpaka amayi anamufunsa ngati kwawo akudyetsa asilikali. Makutu ake anangoti psuu, n'kuvomera kuti akubwerera ineyo.

Ndinamukonda, osanama. Anali wofatsa, ndipo ankandiperekeza ku basi atandinyamulira chikwama.

Ankagwira ntchito ku kakampani kena ka crypto, ndalama za pa intaneti zija, kamene kanali ndi ndalama yakeyake yotchedwa token. Tsiku lina mu cafe anandionetsa pa laptop wallet ya eni kampaniyo, akaunti yosungiramo ma token. Anati ma token a eniake atsekeredwa zaka ziwiri, sangagulitsidwe, ndipo chilichonse chotuluka mu wallet iliyonse chimalembedwa poyera, tsiku ndi ola lomwe.

"Bo-ram, kuno kulibe kobisala. Ukaba, dziko lonse likukuona."

Ndinagulako pang'ono. Mtengo unakwera, ine pakamwa osatseka, mpaka amayi anamva.

Amayi ndi amene ankasunga chipereganyu cha azimayi asanu ndi atatu a mumsika, zaka makumi awiri popanda kusowetsa won imodzi. Pa Chuseok, chikondwerero cha zokolola, Jun-seop anabwera kwathu, n'kuwagwadira amayi mpaka chipumi kugunda pansi. Basitu! Msika wonse unayamba kumutchula mkamwini. Ndiye mkamwini ungamufunse mapepala? Ungakhale mwano umenewo.

Onse anagula. Azakhali a Pyo, ogulitsa nsomba zouma, anaika ndalama zimene ankasungira opareshoni ya bondo. Ma wallet awo ndinawatsegulira ndine, ndi manja angawa.

Lachitatu lina masana ndinangoti ndisuzumire wallet yotsekeredwa ija. Ma token anali akutuluka, anzanga. Pang'onopang'ono, ngati madzi mu ndowa yobooka.

Ndinamuimbira. Anaseka.

"Tikungosamutsira kwina, baby. Usawaopseze amayi ndi zaziii. Waiwala kuti Loweruka makolo athu akukumana?"

Lowerukalo ndi limene mabanja awiri amakakambirana za ukwati wathu. Ndinaganiza kuti ndikachita phokoso kenako n'kupezeka kuti ndalakwitsa, ukwati watha.

Koma mtima sunakhazikike. Nthawi ya 2:14 ndinagulitsa zanga zonse.

Zanga zokha.

Kenako ndinabwerera pa benchi kukathandiza amayi kuthira mchere mu kabichi. Ankandifunsa ngati hanbok yawo yabuluu, diresi yachikhalidwe ija, ikuwakwanabe. Ndinati ikuwakwana. Zinazo sindinatchule.

Pofika Lachisanu token inali itafa, mtengo wake utagweratu. Loweruka tinapitabe ku lesitilanti, amayi atatchena, akuti mkamwini afotokoza yekha. Tinakhala ola ndi theka, tiyi mpaka kuzizira. Sipanabwere munthu, ndipo foni yake inali yozimitsa. Mpaka lero sindidziwa ngati makolo akewo anamvapo n'komwe dzina langa.

Papita miyezi isanu ndi iwiri. Chipereganyu chinatha. Azakhali a Pyo amadutsa pa benchi yathu akutsimphina, nkhope atayang'ana kumbali. Amayi aonda, koma akandipeza ndangoti duu amandisisita msana n'kumati tonse tinapusitsidwa, ndisadziimbe mlandu.

Mawu amenewo amandilasa kuposa kutukwanidwa. Nkhope ya Jun-seop yayamba kufufutika m'mutu mwanga, koma 2:14 ija ayi. Ndimaiona pa wotchi ya mumsika, pa risiti, pa uvuni.

Dzulo kunabwera mwana wa azakhali a Pyo, amene amazidziwa zinthuzi. Akusonkhanitsa ma wallet a onse obedwa kuti apite nawo kupolisi, aone amene anagulitsa zinthu zisanagwe, poti amenewo ndiye ankadziwa. Amayi anapereka foni yawo mwachangu, kenako n'kutembenukira kwa ine.

"Mpatse yakonso, mwana wanga. Iwe ndi amene Jun-seop anakupweteka koposa tonsefe."

Ndinati batire yatha. Iye anati palibe vuto, adzabweranso Lamlungu.

Anzanga, Jun-seop anandinamiza, inde. Koma iye anali mlendo wongodzera kimchi. Amayi anandibereka, ndipo tsiku lija ndinaima pambali pawo masana onse, manja athu ali mu beseni limodzi, ndikudziwa.

Lero m'mawa andigulira chaja yatsopano, akuti batire isadzandivutenso Lamlungu.