Ayambe Ndi Ine, Anatero Malume

Pabanja pathu tinapita ku koleji anthu awiri, ine ndi achimwene anga. Iwo anatsiriza, nakwera ndege. Ine ndinabwerera ku Matandani pa lole ya chimanga, nditaphunzira zokwanira kuti ndimvetse bwinobwino chifukwa chimene anandichotsera.

Kunjako achimwene ankafufuza za khansa ya m'magazi. Ankatenga mafuta a m'mafupa a munthu wathanzi n'kuwaika mwa m'bale wake wodwala, kuti thupi liyambenso kupanga magazi abwino. Akuti madokotala a mayiko ena akamalemba za matendawa ankayamba atchula kaye dzina lawo. Kwathu dzina lomwelo linkatchulidwa pofunsa kuti adzakwatira liti.

Chaka chimene anabwera kutchuthi, atawameta tsitsi pabwalo la ndege monga mwa lamulo la nthawiyo, anapeza mlongo wathu wamng'ono akudwala. Ankatopa ngakhale posenza ndowa yopanda madzi. Nkhama zinkatuluka magazi, m'miyendo muli madontho akuda popanda womumenya. Achimwene anamukoka chikope, nayang'ana. Kenako anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Akufunika ku Blantyre mawa lomwe," anatero. "Akamuyeze magazi, ayezenso anga ndi ako. Wina mwa ife akagwirizana naye, ndimutengera kunja."

Titakawafotokozera bambo, anamvetsera zonse, nagwedeza mutu. "Zomveka. Koma mwanayu ali ndi mwini wake."

Mwini mbumba anali malume, mlongo wawo wa mayi. Popanda mawu awo, mwana sakanapita ulendo wotero. Malumewo anali ku Matope, akuwedza. Monga munthu wophunzira wosowa chochita, anatuma ine. Panjira anyamata a chipani anandiimika kufunsa khadi. Njinga yokha ndiyo sanaifunse yake.

Malume ndinawapeza akusoka ukonde, ndipo ndinafotokoza mwaukatswiri.

"Iwe, ukuti mkulu wakoyo amatani nawo magazi?" anafunsa malume.

"Amawayeza. Ndi wotchuka, malume. Azungu amamudziwa."

"Amamudziwira magaziwo?"

"Eya."

"A ndani?"

"A anthu."

"Nanga za mafupazo?"

"Amangopopa pang'ono basi."

Malume anaika ukonde pansi. Zaka zimenezo mphekesera za anamapopa zinali zisanazizire, zoti magazi a anthu amapita kunja. Zinkanenedwa monong'ona, poti sunkadziwa kuti amene wakhala naye pafupi akazifikitsa kuti.

Anabwera ndithu kumudzi. Anamuyang'ana wodwalayo nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti chisoni chawagwira. Kenako anatembenukira kwa achimwene.

"Adokotala, ine sindikukana. Koma chinthu chachilendo sichiyambira pa mwana. Mwini mbumba ndine. Jakisoni wanuyo ayambe ndi ine. Ndikakhala bwino, mutengeni."

"Malume, magazi anu sakufunika."

"Eti? Ndiye bwanji mukufuna a mwana yekha?"

Choncho tinapita nawo ku chipatala chaching'ono cha kwathu, achimwene nawachotsa timagazi tosakwana supuni. Malume anabwerera kunyumba, nakhala pansi pa mtengo wa manachesi kudikira zotsatira. Chipangizo choyezera chinali iwo eni. Mayi anawaphera nkhuku yobwezera magazi.

M'mawa uliwonse achimwene ankakagwada pamenepo.

"Malume, nthawi ikutithera."

"Lero bondo likuwawa pang'ono. Tione mawa."

Bondo limenelo linayamba kuwawa ine ndisanabadwe.

Mlongo wathu anasiya kutuluka panja. Ndinkamva mayi akumunyengerera phala, iye akuti pakamwa pakupweteka. Tsiku lina achimwene anamenya chibakera pakhoma la nkhokwe.

"Ndayankhapo mafunso a maprofesa odzaza holo!"

"Anali ndi mbumba?" ndinafunsa.

Sanaseke. Inenso sindinaseke. Ndinawauza kuti tingomunyamula tipite, malume adzakwiya pambuyo. Mayi anamva, naima pakhomo. "Chikakachitika kumeneko, ndidzamuuza chiyani mlongo wanga?"

Tsiku limene malume anadzuka n'kulengeza kuti thupi lawo lapambana mayeso, mvula yoyamba inali itagwa kale. Amene amadziwa msewu wa kwathu ku Neno sindikufunika kumuuza zambiri. Lole imene tinkayembekeza inamira m'matope isanatifike. Wodwalayo tinamunyamula pamachira mpaka pomwe galimoto inkatha kufika, n'kukakwera basi pa Zalewa. Malume anagwira kutsogolo kwa machirawo njira yonse, osadandaula bondo.

Ku Blantyre anayeza, napeza zomwe achimwene anaona pachikope tsiku loyamba. Mlongo wathu anamwalira komweko, tchuthi cha achimwene chisanathe. Kapena tikanafulumira akanachira, kapena ayi, achimwene sanandiuzepo, ndipo sanabwerenso kutchuthi kwa zaka zambiri.

Pamaliro malume ankapinda malaya kuonetsa anthu pomwe panalowa jakisoni, akulira, akuti anapereka magazi awo chifukwa cha mwanayo. Panalibe wowatsutsa, poti sankanama.

Ndimamva kuti dzina la achimwene likutchulidwabe m'mabuku a madokotala. Magazi anga sanayezedwe. Mpaka lero ndikuyenda nawo mafutawo m'mafupa mwangamu, osadziwa ngati anali omwe ankafunikawo.