Tsiku Limene Ndinauwa Pageti

Titasamukira m'nyumba ya mpanda kufupi ndi boma la Kasungu, ndinapachika pageti chikwangwani chakuti "Chenjerani ndi Galu". Galuyo kunalibe. Ndinkangofuna kuti ogulitsa makala ndi tomato ochokera m'midzi yozungulira asiye kutigogodera.

Loweruka lina masana, mkazi wanga ali kumsika, wina anagogoda. Ndinanyang'ama mpaka kuseri kwa geti, ndipo ine, bambo wa ana atatu, mkulu wa mpingo, ndinauwa. Ndinauwa kawiri bwinobwino, kachitatu ndinatsamwa n'kuyamba kutsokomola.

Kenako kunja ndinamva mawu odziwika.

"Galu wachifuwayu, mawu ake ngati a bambo a Chisomo."

Anali apongozi anga ochokera ku Santhe, atasenza thumba la mtedza. Ndinatsegula geti nkhope ili pansi.

"Mwayenda bwanji, amayi?"

"Tayenda bwino, bambo. Koma kamumangeni kaye, tilowe."

Sanaseke ngakhale pang'ono mpaka mwana wawo atafika. Apo ndiye anaseka mpaka misozi.

Mpaka lero ndikapita ku Santhe amandiphera nkhuku. Potsanzikana amandipatsa mafupa atakulunga m'pepala, amvekere: "Awa mukamupatse mlonda wanu uja."