Dilesi lopanda thumba

Ndinasoka zovala zaka zambili pakhonde la sitolo ku Petauke. Amene anandiphunzitsa utelala ankati thumba ndi la mwamuna, pa dilesi limaononga maonekedwe. Mkazi ali ndi chitenje, amange pamfundo. Ndinazimva, ndinazisunga.

Mlongo wanga wamng'ono atamaliza sukulu analandila kalata yomuitana kukaphunzila unamwino. Ine nthawi imeneyo sindinkadziwa kuwelenga, kalatayo ndinkangoiona ngati pepala wamba. Ndinamusokela dilesi la ulendo. Anandipempha kuti ndiikepo thumba limodzi losungilamo kalatayo.

"Iwe, ufuna kuoneka ngati kondakitala?" ndinatelo, ndi kumuseka.

Anaipinda kalata ija, anaimanga pamfundo ya chitenje, nakwela lole. Patapita masiku atatu tinamva kuti watsikila ku Nyimba kwa azakhali, mfundo inamasuka panjila ndipo kalata yatayika. Kusukuluko sanapite. Anakwatiwa komweko, nayamba kugulitsa nthochi m'mbali mwa msewu.

Ndinaphunzila kuwelenga ndili ndi imvi kale, kusukulu ya akuluakulu ya kutchalitchi. Pamenepo mpamene ndinazindikila kulemela kwa pepala ngati lija. Ndikaona namwino kuchipatala mtima unkandiwawa: nsalu yosakwana chikhatho ndi imene ndinamumana.

Chaka chatha maso atayamba kufooka, ndinasoka dilesi lomaliza la matumba awili akuya, ndinakwela minibasi kupita ku Nyimba. Ndinamupeza pabenchi lake la nthochi. Ndinamupatsa dilesi, kenako ndinaulula zonse.

Anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Alongo, zaka zonsezi mwasenza zimenezi? Mumaganiza kuti ndinadikila inu? Tsiku lomwelo ndinasokelela kathumba m'kati mwa pitikoti, monga timachitila azimayi tonse. Kalata sinatayike. Ndinali ndi pakati, ndinaopa atate. Mpaka lelo kalatayo ili m'sutikesi."

Ndinakhala pansi pa thumba la makala. Pachifuwa panapepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Mwana wa mimba ija ndi amene lelo amaphunzitsa ku Msanzala.

"Koma musadziyeletse," anatelo akuvala dilesi pamwamba pa lakale. "Kunditcha kondakitala kuja sindinaiwale. Ndipo akazi angati munawasokela opanda thumba?"

Anali ambili.

Anasolola foni m'kamisolo, anamasula makiyi pamfundo ya chitenje, naponya zonse m'matumba muja. Kenako analowetsamo manja onse awili n'kuyenda uku ndi uku pamaso pa anzake ogulitsa nthochi, mapewa ali m'mwamba ngati bwana wa kuboma. Azimayi atatu anafunsa ngati ndingawasokele otelo. Ndinawauza kuti maso anatha, koma mapatani ndinawasiyila.