Mamendulo Asanu Amene Ndinakwecha ndi Phulusa

"Chonyezimira usamachionetse, ngakhale kwa mwana wobala wekha." Anandichenjeza choncho malemu azakhali anga tsiku lomwe ndinaganiza zochoka ku Nkhulambe. Chaka chimenecho madzi anakokolola munda wa nandolo, mwana wanga wamkazi ali kumanda, atandisiyira adzukulu atatu. Ndinawasiya kwa achimwene anga, a Muhiwa, n'kukwera basi ya ku Joni.

Kumeneko ndinasamala gogo wina wachizungu zaka zisanu ndi chimodzi. Malemu amuna ake anali a kumgodi. Sindinkacheza ndi munthu, ngakhale Amalawi anzanga, chifukwa wokakunenera kuti ulibe mapepala amakhala wodziwa dzina lako. Foni ikalira kuchokera kumudzi, palibe ankafunsa ngati ndadzuka bwino. "Mwatumiza?" Basi.

Ana ake atabwera kudzamutenga, gogoyo anandipatsa kabokosi. Munali mamendulo asanu a siliva okumbukira mgodi uja, ndi pepala lachizungu lodindidwa. Ndinati pachipata cha dziko adzati ndaba. Bokosi ndinataya, pepala ndinawotcha, mamendulowo ndinasokera mumpendero wa siketi. Ulendo wonse dzanja langa linali pa bondo.

Nditafika kwathu ndinaona kuti mamendulo aja ada pang'ono. Ndinawakwecha ndi phulusa ndi mchenga ngati mapoto, mpaka anati mbee. Akazi a achimwene anandipeza ndikuwapukuta kuseri kwa nyumba. Anangoti, "Mwaswera, alamu," maso ali m'manja mwanga. Pofika Lamulungu, kutchalitchi kunali kutamveka kuti ndabwera ndi golide.

Ndinapita ndekha ku Limbe, osatsanzika. Wogula zasiliva anawayang'ana ndi kagalasi, n'kupukusa mutu.

"Amayi, wakwecha izi ndani?"

"Ine. Zinali zakuda."

"Nanga bokosi lake ndi pepala?"

"Ndilibe."

"Izitu si ndalama za boma, inasula ndi kampani. Osunga zakale amazifuna zili m'bokosi, zosakhudzidwa, kuda kwake komweko. Apa mwandibweretsera siliva wapasikelo."

Ndinati akundibera. Ndinapita kwa wina, kutali ndi woyambayo, kuti asapangane. Nayenso anayika pasikelo, natchula mtengo womwewo. Ndinagulitsa. Zinakwana matumba awiri a feteleza ndi mayunifolomu a adzukulu.

A Muhiwa anayang'ana matumbawo, naseka. "Chemwali, golide yense uja wasanduka feteleza? Zotsalazo mwakwirira pati?"

Ndinalumbira. Koma mboni yanga ndani? Ndinapita ndekha, ndinabwera ndekha.

Lachiwiri lapitali, pochokera kumunda, ndinapeza loko ali bwinobwino, koma mphasa itasunthidwa, pansi pake pokumbidwa. Kiyi wina amakhala kwa achimwene, kuyambira nthawi ija ndinali ku Joni. Kuchitsime azimayi amasiya nkhani ndikafika. Wina akuti mamendulowo ndi okhwimira, n'chifukwa chake chimanga changa chabiriwira. Mayi wokalamba akayamba kunenedwa zimenezo kuno, tonse timadziwa kumene zimathera.

Ku Joni ndinkaopa anthu osawadziwa. Kuno amene ndikuwaopa ndinawabereka kumsana ali ana, ndipo mwina anadya ndalama zanga osandifuna ineyo.

Inu amene mwawerenga, mukamadutsa njira ya ku Nkhulambe, patukani. Nyumba ya chitseko chobiriwira, pafupi ndi mpapaya. Odirani mokweza, aneba amve kuti ndili ndi ondifunsa. Mukapanda kuyankhidwa, musabwerere pomwepo. Kankhani chitseko.