Tiyi pa bawuti ya amalume

Ndiulule lero: chimene amalume anathira pa bawuti ija sichinali chakumwa cha kugolosale. Anali tiyi.

Galimoto yawo inkayenera kunyamula matimati a amayi kupita kumsika wa Lirangwe m'mawa mwake. Koma ankasintha shoko yakutsogolo, ndipo bawuti yake inali itachita dzimbiri n'kukaniratu kumasuka.

"Mphwanga," anandituma, "thamanga ukagule chakumwa chakuda cha m'botolo chija. Chimadya dzimbiri."

Kunja kunkatentha, botolo lili zii kuzizira. Ndinangoti ndilaweko pang'ono. Pofika pakhomo munalibe ngakhale dontho. Ndinazembera kukhitchini n'kudzazamo tiyi wotsala m'mawa.

Amalume anathira, nadikira, koma bawuti osagwedezeka. Ine thukuta kamukamu, m'maso mukubwera matimati a amayi akuwolera m'madengu. Koma amalume ndi akatundu. Sanatukwane, sanapupulume. Anagogoda bawutiyo ndi hamala mwaulemu ngati akuodira kwa apongozi, kenako analowetsa chogwirira cha sipanala m'paipi yaitali n'kutsamirapo ndi thupi lonse. Bawuti inalira kuti kwii, n'kutembenuka.

Aneba athu, a Phiri, amene ankaonerera, anaomba m'manja. "Chakumwa chimenechi ndi mankhwala ndithu!"

Amalume ananunkhiza zala zawo, kenako anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Zoonadi, a Phiri," anatero. "Koma iwe mphwanga, ulendo wina usadzaiwale kuthiramo shuga."

Amalume sanawauze amayi mpaka lero. Kupepesa sindinapepese, chifukwa kunena zoona chinali chokoma kwabasi.