Masukulu Asanu ndi Awiri pa Fomu ya Mizere Itatu

Mboni zanga ndi zitatu: mlongo wanga wamkulu, shehe wa pa komboni ya ku Mvurwi, ndi dalaivala wa thirakitala amene ankatisamutsa. Awiri mwa iwo anamwalira, koma sanasinthe mawu awo.

Bambo ankagireda fodya, ndipo ankakangana ndi foromani aliyense amene Mulungu analenga. Akakangana lero, mawa mphasa zili pa thirakitala. Nkhuku zathu zikamva injini zinkagona zokha chagada, miyendo pamodzi, kudikira chingwe. Ndikulumbira.

Pofika giredi sikisi ndinali nditadutsa masukulu asanu ndi awiri a m'mapulazi. Paliponse ndinkafika akuyamba kumene mafulakishoni, n'kuchoka asanafike pa samu zogawa zazitali zija. Kudula lalanje pakati ndinakuphunzira kasanu ndi kawiri.

Chaka chimenecho kusukulu kwathu kunabwera mayi wa ku Harare ndi mafomu. Ankafufuza ngati kusinthasintha sukulu kumabwezera mwana m'mbuyo pa samu. Anati manambala athu akawaika mu kompyuta, ndipo mwana aliyense wowerengedwa alandira madola awiri. Ine ndinkafuna kugula kampasi yojambulira pa samu, komanso ndinaona kuti ntchitoyi anaikonzera ine.

"Masukulu angati, mwanangu?" anafunsa mayiwo.

"Seveni, amayi."

"Fomu ili ndi mizere itatu."

"Lembani kuseri, amayi."

Anatembenukira kwa aphunzitsi. "Ameneyu amanama?"

"Tsiku lililonse," anatero aphunzitsi, amene anali atandidziwa milungu iwiri yokha.

Mayiwo anafotokoza kuti nambala yotalikirana kwambiri ndi zinzake imapotoza mzere wa zotsatira, choncho amaichotsa. Anandichotsa. Mwana wa mwini sitolo, amene anasintha sukulu kamodzi chifukwa denga linagwa, analandira madola ake ine ndikuona. Mpaka lero zimandiwawa. Munthu wabwera kudzayeza matenda, wapeza wodwalitsitsa, n'kumutulutsa m'chipatala ati akuwononga avereji.

Mlongo wanga anatolera malipoti onse asanu ndi awiri, shehe anatilembera kalata yachingerezi, tinatumiza kwa mayi uja ku Harare. Yankho lisanabwere, bambo anakangana ndi foromani.

Envulopu ya yankho inatilondola ku Mhangura, ku Ruwa, n'kubwereranso ku Mvurwi, paliponse ikufika ife titangochoka. Inandipeza ndili ndi ndevu, nanenso ndikugireda fodya. M'kati munali madola awiri ndi kakalata kakuti ndinkanena zoona, koma kafukufuku anatsekedwa kalekale. Ndalamayo inakwana banzi limodzi. Mlongo wanga anati tigawane, ndipo ndinalidula pakati penipeni.