Khofi Amene Wadha Sanamwe

Wadha anabereka mwana mmodzi koma anayamwitsa awiri. Wake anali Sayel. Winayo anali Thamir wa m'tenti yoyandikana, yemwe mayi ake anamwalira pobereka. Kwathu kuno ana oyamwa bere limodzi ndi pachibale, palibe zokambirana. Thamir ndiye ankayamwa mwadyera, mpaka Sayel anakula woonda ngati chingwe.

Moyo wa Wadha unali kukama mbuzi ndi kuyanika chambiko padzuwa. Sayel anadzakhala dalaivala wa galimoto yamadzi, pomwe Thamir anapita kulikulu kukaphunzira zamalamulo. Atabwerako ndi mkanjo wakuda, anaimira abusa a ziweto pamlandu wa chitsime chomwe boma linkafuna kulanda, napambana. Wadha anaimba nthungululu mpaka kusasa mawu. Kenako loya uja anakhala woweruza, woweruza n'kukhala phungu, phungu n'kukhala nduna ya zachilungamo. Mimba inkakula, makutu akucheperachepera.

Boma linabweranso kudzalanda chitsime chomwecho. Pachipolowe chimene chinabuka, wapolisi wina anagendedwa n'kufa, ndipo Sayel, yemwe anali patsogolo, anagamulidwa kuti anyongedwe. Kunangotsala kuti nduna isaine.

Zikatero amuna a fuko amapita kukachonderera. Akapatsidwa khofi amaika kapu pansi osalawa, mpaka mwininyumba anene kuti "imwani khofi wanu," ndiye kuti pempho latheka. Koma tsiku limenelo amuna athu onse anadwala msana, amantha achabechabe. Wadha anakwera basi yekha kupita kunyumba kwa ndunayo.

Anapeza chipinda cha alendo chodzaza ndi mabwana. Thamir anadzuka, nampsompsona pamphumi.

"Mayi anga! Taonani abale, thupi lonseli ndi mkaka wa mayi awa."

Anthu anaseka. Wantchito anathira khofi, Wadha n'kuika kapu pamkeka. Phwete linathera pomwepo.

"Mwananga Thamir, ndabwerera khosi la m'bale wako."

"Mbuzi zili bwanji, amayi? Ija yopunduka idakalipo?"

"Inafa kalekale. Ndikunena za Sayel."

Nduna inamwetulira, nikodola wantchito. "Iwe, sukuona kuti khofi wa amayi wazizira? Ukufuna undichititse manyazi? Athirire wotentha."

Anachotsa kapuyo, nabweretsa ina yofuka nthunzi. Nayonso inazizira, anaisintha. Thamir ankacheza za mitengo ya malo ndi ukwati wa mwana wake, koma kapu ikangozizira ankaiona msanga. Wadha sanamukalipire, sanamuthamangitse. Mawu atatu aja okha ndi amene sanatuluke. Wadha anamva mtima ukuwawa kuposa tsiku limene anaika mwamuna wake. Alendo atatha, wantchito anamunyamulira nsapato mpaka pakhomo.

Sayel ananyongedwa mwezi womwewo.

Pasiwa anamanga tenti yaitali, ndipo amuna a msana aja anachira, n'kudzakhala kutsogolo. Masana kunafika galimoto ya boma, n'kutsitsa thumba la khofi wodula, mphatso ya chipepeso yochokera kwa nduna.

"Azakhali, tibweze?" anafunsa mwana wa mlongo wake monong'ona.

"Kazingani," anatero Wadha. "Athirireni amunawa, ali ndi ludzu."

Anamwa onse, ena mpaka kuyamikira fungo lake. Wothira atafika pa Wadha, iye analandira kapu n'kuiika pansi. Anakhala ndi moyo zaka zambiri pambuyo pake, ndipo kulikonse kumene ankamupatsa khofi ankachita chimodzimodzi.